Ulemu wa eni umafunsidwa kwa eni: za Signor, Don ndi Dottore

Ana anga, mukadzadutsa pa Don Bosco ku Area 23 mu Lilongwe, mudzafunse achinyamata ophunzira ntchito zamanja pamenepo kuti mwini dzinali anali yani. Sadzalephera kupezeka wina woyankha ndi mtima wonse kuti anali mzungu wotchedwa Don, mwana wa a Bosco. Ayi ndithu. Dzina lake laubatizo linali Giovanni. Anabadwa mu 1815 m'banja losauka kumpoto kwa dziko la Italy, ndipo moyo wake anauthera pa anyamata osowa pogwira a mumzinda wa Turin kufikira pamene anatsikira kulichete mu 1888. Don si dzina. Ndi liwu laulemu limene Ataliyana amaika patsogolo pa dzina la wansembe, monga mmene ife timanenera kuti Bambo uje.

Ndayambira pamenepa chifukwa mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ena mwa inu mukupita ku Roma kukaphunzira zaunsembe, ena mwapeza mwayi wa sukulu ku Bologna kapena ku Milan, ena mukugwira ntchito ndi Ataliyana konkuno, ku Balaka ndi ku Mangochi kumene amishoni awo anakhazikika kalekale, ndipo ena ndinu atolankhani olemba za Papa ndi za mpira wa Serie A. Koma pafupifupi zonse zimene mumadziwa za Italy zinakufikani kudzera m'Chingerezi: m'mafilimu, m'nyuzipepala, pakamwa pa oulutsa mpira. Msampha uli pomwepo. Chingerezi chinabwereka mawu aulemu a Ataliyana, ndipo akulu anati khasu lobwereka silichedwa kuthyoka. Ena mwa mawuwa anafika ku London ali bwinobwino, ena anapindika m'njira, ndipo limodzi linatsikira ku America litasanduka dzina la chigawenga. Mukawatola kwa wobwereka n'kukawatchula pamaso pa mwini wake, mudzayaluka masanasana.

Liwu lalikulu pa onse ndi signore. Gwero lake ndi senior wa Chilatini, kutanthauza wamkulu pobadwa, ndipo pa tsinde lomwelo panaphukanso señor wa ku Spain, senhor amene abale athu a ku Tete ndi ku Angónia amamudziwa bwino, monsieur wa Afalansa, ngakhalenso sir wa Angerezi eni akewo. Mitundu yonseyi inayamba kulemekeza munthu pomutcha wamkulu, zimene kwa ife si zachilendo. Kalembedwe kasakuopseni. Zilembo ziwiri za gn zimamveka ngati ny wa mu nyama, choncho inu mudzalitchula liwuli mosavuta kuposa Mngerezi amene amaliphwanya pakati n'kumveketsa g. Lamulo lake n'lalifupi. Ukamaitana bambo amene sukumudziwa dzina, umati signore, lathunthu. Ukaliphatikiza ndi dzina, e wakumapeto amagwa, n'kukhala signor Rossi, ndipo dzinalo likhale la banja. Signor wotsagana ndi dzina loyamba ndi wa anthu ozolowerana, monga mwini sitolo ndi kasitomala wake wakale. Akakhala ambiri ndi signori. M'tchalitchi liwu lomweli, likalembedwa ndi chilembo chachikulu, ndilo la Mulungu, monganso ife timanenera Ambuye kwa Mulungu, kwa episkopi ndi kwa agogo, popanda wina kusokonezeka.

Angerezi analidziwa kalekale liwuli. M'masewero a William Shakespeare, amene angapo anawaika m'mizinda ya Italy, muli Signior Antonio wa ku Venice, Signior Baptista wa ku Padua ndi Signior Benedick, ndipo kalembedwe ka Signior kameneka ndiko kanali kofala masiku amenewo. Ngakhale mfumu ya Aturuki ku Constantinople ankaitcha Grand Signior, poti nkhani za kumeneko zinkawafika kudzera mwa amalonda ndi akazembe olankhula Chitaliyana. Patapita zaka mazana atatu, nyuzipepala za ku Britain zinali ndi mwambo wokhazikika wakuti mlendo aliyense azitchulidwa ndi ulemu wakwawo. Guglielmo Marconi atafika ku England mu 1896 ndi makina ake otumiza mauthenga popanda waya, anakhala Signor Marconi. Pa nthawi ya msonkhano wa ku Munich mu 1938, owerenga ankapeza Mr Chamberlain, Herr Hitler, Monsieur Daladier ndi Signor Mussolini ali m'ndime imodzi.

Ine ndimauona mwambo umenewu uli ndi mbali ziwiri. Unali ulemu ndithu, wovomereza kuti munthu ali ndi kwawo. Koma unalinso mpanda, wokumbutsa owerenga kuti uyu si wathu. Taganizani za Antonio Panizzi, amene anathawa kwawo chifukwa cha ndale n'kufika ku England mu 1823 ali chimanjamanja. Anakwera mpaka kukhala mkulu wa laibulale ya British Museum, ndipo mu 1869 anapatsidwa ulemu wa ufumu wa Britain. Dzina limene Angerezi amamukumbukira nalo lero si Signor Panizzi, ndi Sir Anthony. Atamulandira kukhala wawo, ngakhale Antonio yemwe anamuvula.

Panalinso ena amene analumpha mpandawo molowera kwina. M'zaka za m'ma 1800 anthu a ku London ndi ku New York ankakhulupirira kuti woimba opera weniweni ayenera kukhala Mtaliyana. Oimba ena a ku Ireland, ataona kuti mayina awo sakugulitsa matikiti, anadzipenta. Allan James Foley anakhala Signor Foli. John Clark, amene anakulira ku Brooklyn, anapinda dzina la dera lakelo n'kukhala Signor Brocolini. Akulu anati ukaipa dziwa nyimbo, koma awa nyimbo ankaidziwa kale. Chinkawasowa ndi dzina basi. Amatsenga ndi ochita masewero a m'matenti anatengera zomwezo, ndipo pang'ono ndi pang'ono Signor wa m'Chingerezi anayamba kununkha zisudzo. M'mabuku ndi m'mafilimu anasanduka wometa tsitsi woseketsa, kapena woperekera zakudya wolankhula ndi manja. Lero nyuzipepala zambiri za Chingerezi zinausiya mwambo uja, zimangolemba Mr kapena dzina lokha. Ndiye inu olemba nkhani mumve: ngati nduna ya ku Kenya mwailemba Mr, ya ku Italy muilembenso Mr. Kuika Signor pa munthu mmodzi yekha m'nkhani yonse n'kumuloza chala. Ndipo mukamalemba m'Chichewa musavutike n'komwe, a wathu uja akukwanira: a Mattarella, a Draghi.

Tsopano tikhale pansi pa Don, poti apa ndi pamene pagona nkhani. Liwuli linachokera ku dominus wa Chilatini, mbuye kapena mwini nyumba. Ku Italy konse ndi la ansembe a dayosizi. Ansembe a m'zipani kawirikawiri amatchedwa padre, monga Padre Pio, ndipo ena fra, kutanthauza mbale, monga wojambula uja Fra Angelico; a chipani cha Don Bosco anangotsata kholo lawo n'kusunga don. Kummwera kwa dzikolo, ku Naples, ku Calabria ndi pachilumba cha Sicily, madera amene anakhala pansi pa mafumu a ku Spain zaka mazanamazana, don anafalikira kwa anthu wamba olemekezeka: mwini minda, wogulitsa mankhwala, nkhalamba imene anthu amakaitulira milandu. Kumeneko don amatsagana ndi dzina loyamba: don Vito, don Calogero, don Peppino. Ansembe ndiwo nthawi zina amadziwika ndi dzina la banja, monga don Bosco ndi don Milani, wansembe uja amene anaphunzitsa ana a alimi osauka pamudzi wa Barbiana.

Kenaka mu 1969 Mario Puzo, wobadwira ku New York kwa makolo ochokera ku Italy, anatulutsa buku la The Godfather, ndipo mu 1972 Francis Ford Coppola analisandutsa filimu, Marlon Brando ali patsogolo. Dziko lonse linaphunzira kunena Don Corleone. M'khutu la munthu wa ku Sicily zimenezi zimamveka zokhota. Iye akanati don Vito, potsata dzina loyamba. Choseketsa n'chakuti lamuloli Angerezi ali nalo kwawo. Palibe Mngerezi amene anganene Sir Ferguson potchula mphunzitsi uja wa Manchester United, onse amati Sir Alex. Koma ulemu wa eni anaupinda osaphethira n'komwe. Zikanathera pa kaikidwe ka dzina ndikanangoseka n'kuleka. Chondiwawa n'chakuti tanthauzo lenilenilo linasanduka. Lero ukanena don m'Chingerezi, kupatula ku Oxford ndi ku Cambridge kumene amatchula motero aphunzitsi a m'makoleji awo, anthu amaona mkulu wa mbanda atavala suti, anyamata akumupsompsona dzanja. Ndi don ameneyu amene anyamata athu ena amamusirira akamadzitcha Don pa Facebook.

Sikuti Puzo anangopeka zonse. Akuluakulu a Mafia ankatchedwadi don. Calogero Vizzini wa ku Villalba, amene anamwalira mu 1954, anthu ankamutcha don Calò ndipo ankamuvulira zipewa. Koma ulemu umenewo anachita kulanda, sunali wawo poyamba. Chilumba chomwecho chinabalanso don Pino Puglisi. Iye anali wansembe wa ku Brancaccio, dera losauka la mumzinda wa Palermo kumene Mafia inkatola ana m'misewu n'kumawatuma kuba ndi kunyamula mankhwala ozunguza bongo. Don Pino anatsegula malo osonkhanira anawo, nalimbana ndi akuluakulu a mzinda kuti m'deralo mumangidwe sukulu, nakana kuti zigawenga zizitsogolera maphwando a tchalitchi ndi ndalama zawo, ndipo ankawadzudzula paguwa mosapsatira mawu. Pa 15 September 1993, tsiku limene anakwanitsa zaka 56, anamuwombera pakhomo pa nyumba yake. Patangodutsa miyezi isanu ndi umodzi, pa 19 March 1994, gulu la zigawenga la Camorra linapha don Peppe Diana m'tchalitchi mwake ku Casal di Principe, akukonzekera Misa. Otuma akupha aja ndi amene Chingerezi chimawatcha ma don. Ophedwawo ndi amene kwawo ankatchedwa don. Mpingo unalengeza don Pino kukhala wodala mu 2013, koma ndikukayika ngati anyamata odzitcha Don aja anamvapo dzina lake.

Ataliyana eni ake anadziwa kalekale kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Buku limene pafupifupi mwana wasukulu aliyense kumeneko amawerenga, I promessi sposi la Alessandro Manzoni, limene linatuluka koyamba mu 1827, lili ndi ma don awiri otchuka. Wina ndi don Rodrigo, mwana wa mabwana amene akufuna kulanda mtsikana wotomeredwa kale. Wina ndi don Abbondio, wansembe wamantha amene akukana kudalitsa ukwati wa mtsikanayo chifukwa anyamata a don Rodrigo amuopseza panjira. Wolimba mtima yekha wopita kukamudzudzula bwanayo kunyumba kwake ndi fra Cristoforo, amene liwu lake laulemu ndilo lotsika pa onse. Phunziro ndi ili, ana anga: liwu laulemu mulipereke ndi pakamwa msanga ndithu, chifukwa limenelo ndi ngongole ya mlendo kwa eni mudzi. Koma chikhulupiriro cha mumtima chizidikira ntchito za munthuyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Alipo akuluakulu amene amakwera koma osalola kuti liwu laling'onoli liwachoke. Inu a ku Nsanje, ku Mwanza, ku Ntcheu ndi ku Dedza mukukumbukira zaka zimene abale athu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni anathawira kuno chifukwa cha nkhondo. Nkhondoyo inatha ndi pangano limene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina ku Roma pa 4 October 1992, ndipo mwa ankhalapakati anayi amene anakhalira nkhaniyo zaka ziwiri munali wansembe wachinyamata wa gulu la Sant'Egidio, don Matteo Zuppi. Mu 2015 anakhala arkiepiskopi wa Bologna, mu 2019 kadinala, mu 2022 mtsogoleri wa maepiskopi onse a ku Italy. Mwamwambo ayenera kutchedwa Eminenza. Koma anthu ambiri a ku Bologna amangomuti don Matteo mpaka lero, ndipo mwini wake sadandaula.

Za monsignor ndidutsapo msanga, poti akatolika mukulidziwa. Chimene muyenera kusamala n'chakuti ku Italy episkopi amatchedwanso monsignor, pamene m'Chingerezi liwuli ndi la wansembe wolemekezedwa ndi Papa koma wosakhala episkopi. Womasulira wosasamala amatha kutsitsa episkopi paudindo ndi cholembera chokha. Ndipo ulemuwu ukunka nuchepa. Papa Paulo VI anadula magulu ake mu 1968 n'kusiya atatu, ndipo kuyambira mu 2014 Papa Francis analamula kuti wansembe wa dayosizi aziulandira pokhapokha atakwanitsa zaka 65. Iye ankadana ndi ansembe othamangira maudindo.

Musaganize kuti kubwereka kunali kwa mbali imodzi. Mukamvetsera osewera mpira a Juventus kapena Napoli akulankhula ndi atolankhani, mudzamva akutchula mphunzitsi wawo kuti il mister. Anthu amati chizolowezi chimenechi chinayamba ndi William Garbutt, Mngerezi amene anayamba kuphunzitsa timu ya Genoa mu 1912, osewera ake n'kumamuitana Mister monga mwa kwawo. Tsono Mister, amene ku England ndi wa mwamuna aliyense, ku Italy ndi wa munthu mmodzi yekha, woima m'mbali mwa bwalo. Nayenso maestro anasinthika powoloka nyanja. M'Chingerezi ndi wa akatswiri okhaokha, wotsogolera oimba ngati Arturo Toscanini kapena wosewera pakati ngati Andrea Pirlo, koma kwawo mphunzitsi wa ana a pulayimale ndi maestro nayenso. Ine ndimakonda kuti liwu limodzi likukwanira Toscanini ndi mphunzitsi wa Sitandade 1.

Liwu laulemu siliyenda lokha, limakoka chiganizo chonse. Apa inu muli ndi mwayi umene Mngerezi alibe, chifukwa iye ali ndi you mmodzi wa mfumu ndi wa mwana yemwe, pamene inu munayamwira kusiyanitsa iwe ndi inu. Ataliyana ali ndi tu wa anzako ndi ana, ndi Lei wa akulu ndi alendo. Amene wamutcha signor kapena dottore umamulankhula ndi Lei, ndipo moni wake ndi buongiorno, osati ciao amene munamumva m'mafilimu. Wamkulu ndiye amapereka chilolezo chosinthira ku tu, wamng'ono sayamba. Nkhani imeneyi inafika mpaka m'ndale. Mu 1938 boma la Mussolini linaletsa Lei m'maofesi ndi m'masukulu ponena kuti ndi wachilendo ndi wosayenera amuna, n'kulamula kuti anthu azinena voi. Ngakhale magazini ya amayi yotchedwa Lei inakakamizika kusintha dzina n'kukhala Annabella, chonsecho lei wa pachikuto pake ankangotanthauza mkazi. Ulamulirowo utagwa, Lei anabwerera pamalo pake, ngakhale kummwera voi akadali liwu laulemu kwa achikulire monga analili Mussolini asanabadwe. Ulemu wolamulidwa ndi boma suchedwa kufota.

Polemba kalata palinso dzenje lina. Kalata yaulemu yopita kwa bambo imayamba ndi Egregio Signor, kapena Gentile Signor. Egregio ndi chiyamikiro, munthu woposa anzake. Koma liwu lofanana nalo m'Chingerezi linatembenuka m'kupita kwa zaka n'kukhala lonena chinthu choipitsitsa. Amene amamasulira makalata potsata maonekedwe a mawu adzatukwana munthu amene amafuna kumupempha thandizo. Chidule cha signor ndi Sig., osati Sr. wa ku Spain ndi ku Portugal. Zing'onozing'ono ngati zimenezi ndi zimene wolandira kalata amaonerapo ngati wolembayo anafunsa kapena anangoganiza. Safunsa anadya phula.

Ndasungira kumapeto chinthu chimene chidzakudabwitseni kwambiri mukadzafika: signor yekha, amene tamuyamikira uja, akhoza kukhala chipongwe. Italy ndi dziko limene munthu amatchulidwa ndi maphunziro kapena ntchito yake. Loya ndi avvocato, injiniya ndi ingegnere, wowerengera ndalama ndi ragioniere, woyeza malo ndi geometra, phungu wa nyumba ya malamulo ndi onorevole, ndipo amene anakhalapo presidente amatchedwa motero ngakhale mpando anausiya kale. Loya amene wamutcha signor Rossi m'malo mwa avvocato Rossi akhoza kumva ngati wamuchotsera zaka zake zonse za kusukulu. Khalidweli n'lakale. Bambo ake a Leonardo da Vinci ankatchedwa ser Piero chifukwa anali mlembi wovomerezeka wa mapangano, ndipo oweruza ndi mabwana ankatchedwa messer. Magnifico, amene Chingerezi chinamusandutsa chitamando cha Lorenzo de' Medici yekha, anali liwu laulemu la anthu apamwamba a mumzinda amene sanali mafumu, ndipo mpaka lero mkulu wa yunivesite kumeneko ndi Magnifico Rettore.

Pali chimene chinakuza chizolowezichi. Mu June 1946 Ataliyana anavota kuchotsa ufumu, ndipo malamulo oyendetsera dziko amene anayamba kugwira ntchito pa 1 January 1948 ananena kuti boma silizindikiranso maudindo obadwa nawo monga conte ndi marchese. Otsala amawagwiritsabe ntchito m'maphwando awo, koma pamaso pa lamulo ndi mphepo chabe. Njala ya ulemu sinathe ndi ufumu. Mu 1951 boma linakhazikitsa mphotho zake zaulemu, za cavaliere, commendatore ndi zina, ndipo mayina a ntchito anatenga malo amene a magazi anasiya. Anthu ena otchuka anamezedwa ndi maudindo awo mpaka dzina lenileni kukhala losafunika. Ukanena l'Avvocato aliyense ankadziwa kuti ndi Gianni Agnelli, mwini Fiat, amene anaphunzira zamalamulo koma sanagwirepo ntchito yaloya. Enzo Ferrari anali il Commendatore, ngakhale mwini wake ankakonda kutchedwa ingegnere yunivesite ya Bologna itamupatsa digiri yaulemu mu 1960. Romano Prodi ndi il Professore. Silvio Berlusconi anali il Cavaliere kuyambira mu 1977, pamene analandira ulemu wa amalonda otukula dziko. Khoti litamupeza wolakwa pa mlandu wozemba msonkho mu 2013, anautula chaka chotsatira, ndipo nyuzipepala zinayamba kumulemba ex Cavaliere. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Atolankhani a Chingerezi amawasiya mawuwa m'Chitaliyana, ndipo apa anachita bwino, chifukwa ukawamasulira umatsala ndi loya amene sanaimepo m'khoti ndi msilikali wapakavalo wopanda kavalo.

Pa onsewa, lofala kwambiri ndi dottore. Ku Italy aliyense womaliza yunivesite ndi dottore, kaya anaphunzira zaulimi, zamabuku kapena zamasewero. Lamulo la mu 2004 linakhazikitsa magawo atatu: wa digiri yoyamba ya zaka zitatu ndi dottore, wa digiri yachiwiri ndi dottore magistrale, ndipo wa digiri yakafukufuku, imene ife timaitcha PhD, ndi dottore di ricerca. Pamsewu zimaposa pamenepo. Woyang'anira malo oimika galimoto ku Roma kapena ku Naples akaona munthu wa jekete ndi tayi amangomuti dottò, osafunsa satifiketi, poti kukweza munthu sikuwonongetsa kanthu ndipo nthawi zina kumabweretsa kandalama. Eni ake amadziseka okha pa zimenezi. M'zisudzo zawo zakale muli munthu wotchedwa il Dottore, wa ku Bologna kumene kuli yunivesite yakale kwambiri, wamimba yaikulu, wolankhula Chilatini chosamveka pa nkhani imene sakuidziwa.

Mukalandira khadi kapena kalata yolembedwa Dott. patsogolo pa dzina, musathamangire kulemba Dr m'Chingerezi, ndipo musamuvulire malaya kuti akupimeni. Mwina ndi kalaliki wa kubanki. Ataliyana odziwa za kunja amalisiya liwuli kwawo akamalemba m'Chingerezi, chifukwa amadziwa kuti kunja Dr ndi wa dokotala wa chipatala kapena wa PhD. Pomulankhula maso ndi maso, m'patseni dottore wakeyo mosanyinyirika, poti kwawo ndi wake mwalamulo. Mukasowa chonena, tcherani khutu mumve mmene mlembi wake kapena anzake akumutchulira, kapena mufunseni mwini wakeyo. Palibe amene anakwiyapo chifukwa chofunsidwa mmene afunira kutchulidwa.

Koma wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye ndikutsinani. Kuno kwathu matenda a maudindo tili nawo kale. Tikuona anthu olandira digiri yaulemu madzulo, m'mawa mwake Dr ali kale pachitseko, pagalimoto ndi pakhadi laukwati. Ndiye mwana wathu akapita ku Perugia kapena ku Padua n'kumaliza zaka zitatu, anzake adzamuveka nkhata ya masamba kumutu monga mwa mwambo wawo, adzamuimbira m'misewu, ndipo aliyense adzamutcha dottore. Akondwere, wakhetsera thukuta. Kumeneko alivomere liwulo ndi mtima woyera. Koma tsiku lobwerera, inu ana anga, dottore ameneyo mudzamusiye pa bwalo la ndege la Fiumicino. Mukadzatera ku Lilongwe kapena ku Chileka, pa kalata yofunsira ntchito mudzalembe digiri imene muli nayo, dzina lake lenileni ndi zaka zake, osaonjezera chilembo ngakhale chimodzi.